CHINGEREZI CHIYAMBIRA PA MONI

Masiku ano munthu wa m'boma la Mangochi sangathe mwezi wathunthu osakomana ndi Chingerezi. Akapita ku chipatala, pa botolo la mankhwala palembedwa Chingerezi. Akagula mankhwala othira m'chimanga kuti chisafumbwe, malangizo ake ambiri ali m'Chingerezi. Akatumiza ndalama pa lamya ya m'manja, uthenga womuuza kuti ndalamazo zafika umadza m'Chingerezi. Ndipo iwo amene akhala ku Chembe, ku Monkey Bay ndi ku Nkopola amaonana kawirikawiri ndi alendo a ku maiko akutali amene amadza kudzaona nyanja yathu.

Alipo anthu ambiri amene amati, "Ine ndakula, mutu unauma kale, Chizungu n'cha ana a sukulu." Ena anafika Sitandade 5 kapena 6, mau amawadziwa ndithu, koma akaima pamaso pa kalaliki kapena mlendo lilime limalemera, ndipo pofuna kubisa manyazi amangoti "Yes, yes" pa chilichonse. Nkhani ino talembera anthu otere, pamodzi ndi aphunzitsi amene angathe kuwathandiza. Chimene tifuna kunena ndi ichi: sikofunika kuti munthu adziwe Chingerezi chambiri kuti chimthandize. Chofunika ndicho chochepa chimene achidziwa bwino, pamodzi ndi mtima wosachita manyazi kunena kuti sanamve.

CHINAFIKA BWANJI KUNO?

Chingerezi si mlendo wa dzulo kuno ku nyanja. Dr David Livingstone anafika pa nyanja ino m'chaka cha 1859, pafupi ndi pamene mtsinje wa Shire utulukira. M'chaka cha 1875 amishoni a ku Scotland, pamodzi ndi Dr Robert Laws, anafika ndi sitima yaing'ono yotchedwa Ilala, namanga ku Cape Maclear, natsegula sukulu kumeneko; koma malungo anawavuta kwambiri, kotero kuti mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Boma la Fort Johnston, limene lero tilitcha Mangochi, linayamba mu 1891, ndipo pambuyo pake a mpingo wa Anglican anatsegula sukulu kwa Mponda ndi ku Malindi.

Komabe m'masiku amenewo makolo ambiri, makamaka a Chisilamu, sanafune kutumiza ana ao ku sukulu za mishoni, poopa kuti anawo angakasinthidwe chipembedzo. Ana anali kuphunzira ku madrasa, nadziwa kuwerenga zilembo za Chiarabu, koma Chingerezi chinawapitirira. Amuna amene anapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela anali kumvana ndi akapitao ao m'Chilapalapa, ndipo ambiri anabwerako ndi njinga ndi masutukesi, koma opanda Chingerezi.

Lero zinthu zinasintha. Mu 1968 kunagamulidwa kuti Chichewa ndi Chingerezi zikhale zinenero za Boma, ndipo mu 1994 sukulu za pulaimale zinakhala zaulere. Mwana amene walephera Chingerezi pa mayeso a Fomu 4 salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale akhoze masamu bwino chotani. Malamulo aakulu a dziko lino amati munthu wofuna kukhala phungu wa ku Nyumba ya Malamulo ayenera kudziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Nawo anyamata athu amene amapita ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town kukagwira ntchito m'masitolo ndi m'nyumba za anthu amakachipeza chili kuwadikira. Chingerezi ndi chida, monga nkhafi kapena khasu. Sichisintha mtundu wa munthu kapena chipembedzo chake.

MONI

Ife timalemekeza moni. Munthu sayamba nkhani asanafunse mnzake kuti wadzuka bwanji, ana adzuka bwanji, ndi kuti kumudzi kuli bwanji, ndipo Myao akati "Ajimwiche uli?" amayembekeza yankho lokwanira. Moni wa Chingerezi ndi waufupi, ndipo umatsata dzuwa, motere:

Good morning: kuyambira m'mawa kufikira 12 koloko masana.
Good afternoon: kuyambira masana kufikira cha m'ma 5 koloko.
Good evening: madzulo ndi usiku, pokomana ndi munthu.
Good night: potsazikana usiku, kapena popita kukagona.
Goodbye: potsazikana nthawi ina iliyonse.

Poyankha mungobweza mau omwewo. Koma chenjerani ndi "Good night," pakuti si moni wolandirira munthu ai. Mlendo akafika pa khomo panu usiku, inu n'kumuuza kuti "Good night," mwamtsazika asanakhale ndi pansi pomwe.

Moni utatha pamadza funso lakuti "How are you?" ndiko kuti "Muli bwanji?" Yankho lake ndi lakuti "I am fine, thank you. And you?" ndiko kuti "Ndili bwino, zikomo, kaya inu?" Dziwani kuti wofunsayo sayembekeza kuti mumfotokozere za msana umene uli kukupwetekani kapena za mwana amene wagona ndi malungo, kwa iwo funsoli ndi mwambo chabe. Chifukwa chake musakhumudwe mlendo akangoti "Hello" napitirira ulendo wake. Sanakunyozeni, koma ndiwo moni wa kwao.

Nachi chitsanzo chimene anthu awiri angathe kuyeseza, wina akhale mlendo, wina msodzi:

Mlendo: Good morning.
Msodzi: Good morning, madam. How are you?
Mlendo: I am fine, thank you. What is this fish called?
Msodzi: It is called chambo.
Mlendo: Where did you catch it?
Msodzi: Please say it again, madam.

Mlendoyo wafunsa dzina la nsomba, nafunsanso kumene anaigwira. Msodziyo funso lachiwiri sanalimve, ndipo sanabise. Za mau ake otsirizawo tinena posachedwa.

ULEMU ULI PATI?

M'chinenero chathu ulemu uli m'kati mwa mau. Kwa mwana timati "Iwe, bwera," kwa wamkulu timati "Inu, bwerani," ndipo pofuna kulemekeza koposa timati "Abwere kuno." Chingerezi chilibe zimenezi. Liu lakuti "you" ndi la mwana, la mfumu, ndiponso la khamu la anthu. Tsono eni ake amaika ulemu m'timau tina tapadera, ndipo munthu akatisiya amamveka wamwano ngakhale mtima wake uli woyera.

Taonani chitsanzo. "Ndipatseni madzi" ndi mau aulemu kwa ife, chifukwa cha "-ni" wa kumapetoyo. Koma mukawatembenuza kuti "Give me water," ulemu wonse watsalira m'mbuyo, ndipo womvayo ayesa kuti muli kumlamula ngati wantchito wanu. Nenani kuti, "May I have some water, please?" Liu lakuti "please" lisasowe pa pempho lililonse.

"Zikomo" wathu amagwira ntchito ziwiri, koma m'Chingerezi ntchitozo zili ndi mau osiyana. Pothokoza muti "Thank you." Popempha njira, kapena pofuna kuti munthu wotanganidwa akumvereni, muti "Excuse me." Popepesa muti "I am sorry." M'malo mwa "Odi," gogodani pa chitseko ndi kunena kuti "May I come in?" ndipo mudikire kufikira mutamva kuti "Come in." Ife timati "bambo" ndi "mayi" kwa wamkulu aliyense, koma m'Chingerezi munthu wosamdziwa samtcha "father" kapena "mother." Mwamuna mumtche "sir," mkazi mumtche "madam."

MAU OPULUMUTSA

Akulu anati safunsa anadya phula. Ngati pa nkhani yonse ino mungasunge zinthu zochepa chabe, sungani ziganizo zisanu izi:

I do not understand: Sindinamvetse.
Please speak slowly: Chonde lankhulani pang'onopang'ono.
Please say it again: Chonde bwerezaninso.
Please write it down: Chonde lembani.
What does this word mean?: Kodi liu ili litanthauza chiyani?

Tiyerekeze mnyamata wa kwa Makanjira amene wapeza ntchito ku Durban. Mwini sitolo ali kumfotokozera za malipiro, za maora ogwira ntchito, ndi za ndalama zimene adzamdula chifukwa cha malo ogona. Mnyamatayo wamva liu limodzi mwa mau asanu alionse, koma poopa kuti angaoneke mbuli angoti "Yes, sir." Mwezi utatha alandira ndalama zochepa, ndipo alibe ponena, pakuti anavomera yekha. Akadati "Please write it down," akadapita nalo pepalalo kwa mnzake wodziwa kuwerenga asanayambe ntchitoyo.

Lamulo lake ndi ili: musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simunalimve, kaya ndi la ngongole, la malo, kapena la ntchito. Pemphani kuti wina amene mumkhulupirira akumasulireni. Ngakhale ku khoti, malamulo a dziko lino amalola woimbidwa mlandu kukhala ndi womasulira ngati sakumva chinenero chimene chili kulankhulidwa.

MSAMPHA WA "YES" NDI "NO"

Pali msampha wina umene umakola ngakhale ophunzira. Munthu akakufunsani kuti, "Kodi simunadye?" inu ngati simunadyedi mumati "Inde," kutanthauza kuti "Inde, sindinadye." Ife timavomereza mau a wofunsayo. Mngerezi satero; yankho lake limatsata chimene chinachitika. Akafunsidwa kuti "Didn't you eat?" ngati sanadye ati "No, I didn't," ndipo ngati anadya ati "Yes, I did."

Wolemba nkhani ino anakodwa mu msampha umenewu ali mu Fomu 1. Buku la mphunzitsi wina wochokera kunja linasowa pa tebulo, ndipo iye anandiyang'ana nati, "You didn't take it, did you?" Ine pofuna kuvomereza kuti sindinatenge ndinayankha molimba mtima kuti, "Yes, sir." Pomwepo anandiuza kuti ndikalitenge msanga, ndipo panapita nthawi ndithu kuti amvetse kuti sindine wakuba. Ku sukulu nkhaniyo inathera m'kuseka; koma funso lotere likafunsidwa ndi wapolisi wa dziko lachilendo, kapena ndi dokotala wofuna kudziwa ngati munamwa kale mankhwala, silithera m'kuseka ai. Njira yopewera ndi yosavuta: musayankhe ndi liu limodzi lokha, koma nenani chiganizo chonse, monga "No, I did not take it."

MANAMBALA NDI ZOLEMBEDWA PA MABOTOLO

Ambiri a ife timawerenga kale ndalama m'Chingerezi, ndipo amenewo ndi maziko abwino. Koma pali manambala ena amene amamveka ofanana: thirteen ndi thirty, ndiwo 13 ndi 30, fourteen ndi forty, 14 ndi 40, fifteen ndi fifty, 15 ndi 50, ndi ena otero kufikira 19 ndi 90. Otha ndi "-teen" amakokedwa kumapeto, otha ndi "-ty" amadulidwa msanga. Tiyerekeze mwini boti wa ku Chembe amene wapangana ndi alendo kuti awaperekeze ku chilumba cha Thumbi. Iye anati K50,000, iwo anamva K15,000. Popita onse ali kuseka, koma pobwera pali mkangano pa gombe, ndipo aliyense ayesa mnzake wakuba. Mtengo ulembedwe ulendo usanayambe, kaya pa pepala, pa lamya, ngakhale pa mchenga pomwe.

Mau enanso ofunika kuwadziwa ndi awa, amene amalembedwa pa mankhwala a anthu, a ziweto ndi a m'munda:

Danger: ngozi.
Poison: mankhwala akupha.
Once a day, twice a day, three times a day: kamodzi, kawiri, katatu pa tsiku.
Before meals, after meals: musanadye, mutadya.
For external use only: opaka pa khungu, osamwa.
Keep out of reach of children: ikani pamene ana sangafikire.
Expiry date, kapena EXP: tsiku limene mankhwalawo atha mphamvu.

KAMANGIDWE KA CHIGANIZO

Anthu amaopa malamulo a Chingerezi, koma amene adziwa chinenero chake wayenda kale theka la ulendo, pakuti mau amatsatana mofanana: wochita, chochita, chochitidwa. "Msodzi wagula ukonde" ndi "The fisherman has bought a net." Kusiyana kwake kwagona pa zinthu zisanu ndi chimodzi.

Choyamba, mneni wathu ali ngati mtolo womanga pamodzi. M'liu lakuti "ndidzakuona" muli zidutswa zinai: ndi, dza, ku, ona. Mngerezi amamasula mtolowo naika chidutswa chilichonse pachokha: "I will see you." "Ndi" ndiye "I," "dza" ndiye "will," "ona" ndiye "see," ndipo "ku" ndiye "you," amene wapita kumapeto.

Chachiwiri, mau ofotokoza chinthu amatsogola. Ife timati "nsomba yaikulu," iwo "a big fish"; ife "ukonde watsopano," iwo "a new net"; ife "mabwato awiri," iwo "two canoes."

Chachitatu, pochulukitsa ife timasintha mutu wa liu, monga mwana ndi ana, bwato ndi mabwato. Iwo amaonjeza "s" ku mchira: net ndi nets, boat ndi boats. Alipo mau ochepa osamvera lamuloli: man ndi men, woman ndi women, child ndi children. Liu lakuti "fish" kawirikawiri silisintha, monga momwe "nsomba" sisinthira kwa ife.

Chachinai, ife timati "iye" kwa mwamuna ndi kwa mkazi yemwe, koma m'Chingerezi mwamuna ndi "he," mkazi ndi "she," ndipo chinthu ndi "it." Mukati "My wife, he is sick," kalaliki wa ku chipatala asokonezeka kuti wodwala ndani. Ndiponso ponena za munthu mmodzi wotere, mneni amalandira "s": "I sell fish," koma "She sells fish."

Chachisanu, nthawi. "I work" ndiko kuti ndimagwira ntchito. "I worked," ndinagwira. "I will work," ndidzagwira. Aneni ambiri amangolandira "-ed" ponena zakale, koma amene timawafuna tsiku ndi tsiku ndiwo amasintha mwa njira yao: go ndi went, come ndi came, see ndi saw, eat ndi ate, buy ndi bought, sell ndi sold, catch ndi caught, pay ndi paid. Amenewa alibe njira ina koma kuwaloweza pamtima, awiri kapena atatu pa sabata.

Chachisanu ndi chimodzi, mau ofunsira amakhala patsogolo. Ife timati "Mukupita kuti?" iwo "Where are you going?" Mau ake ndi awa: who, ndani, what, chiyani, where, kuti, when, liti, why, chifukwa chiyani, how many, zingati, how much, mtengo wanji.

Chenjeraninso ndi mau ena amene amasocheretsa powatembenuza liu ndi liu. "Ndibwerekeni mpeni" si "Borrow me a knife" ai, koma "Please lend me a knife", wopereka ndiye amachita "lend," wolandira amachita "borrow." Ife pochoka pang'ono timati "Ndikubwera," koma mukati "I am coming" muli kutuluka pa khomo, mlendo adabwa; nenani kuti "I will be back soon." Ndipo "kumva" kwathu kuli ndi mau anai: "hear" ndi kumva ndi makutu, "understand" ndi kumvetsa, "feel" ndi kumva m'thupi, "smell" ndi kumva fungo.

KATCHULIDWE

Kwa ife "l" ndi "r" ali ngati mapasa, ndipo wina akalowa m'malo mwa mnzake tanthauzo silisintha. M'Chingerezi limasintha. "Road" ndi mseu, "load" ndi katundu. "Grass" ndi udzu, "glass" ndi galasi. "Pray" ndi kupemphera, "play" ndi kusewera. "Fry" ndi kukazinga, "fly" ndi kuuluka. Potchula "l" nsonga ya lilime igunde kuseri kwa mano a m'mwamba. Potchula "r" lilime lipindikire m'mbuyo pang'ono, osagunda paliponse. Yesani mau awiriawiriwa pamaso pa mnzanu, iye anene limene wamva.

Mau athu onse amatha ndi a, e, i, o kapena u, ndipo pakamwa pathu panazolowera kuonjeza malembo amenewa. Phunzirani kudula liu pamene lathera: "fish" osati "fishi," "book" osati "buku." Dziwaninso kuti Chingerezi chili ndi zilembo 26, koma sichiwerengedwa monga chilembedwera. Mu "knife," mpeni, "k" samveka. Mu "island," chilumba, "s" samveka. Chifukwa chake liu latsopano muyenera kulimva kwa munthu wodziwa, osati kuliona pa pepala pokha.

MAU AMENE MULI NAO KALE

Palibe munthu amene ayamba wopanda kanthu. Sukulu, tebulo, supuni, foloko, kapu, sopo, buledi, botolo, bulangete, shati, sitolo, basi, injini, petulo, batire, wailesi, dokotala, nesi, polisi, khoti, kalaliki: onsewa anachokera ku Chingerezi, ndipo ntchito yanu ndi kuphunzira kalembedwe ndi katchulidwe kao koyamba. "Sitima" ndi "steamer," dzina la zombo zoyenda ndi nthunzi zimene zinali pa nyanja ino kale. Koma si mau onse obwereka amene ali a Chingerezi. Nsapato, kalata ndi chipewa anadza ndi Apwitikizi, ndipo Mngerezi amati shoe, letter ndi hat.

Munthu ayambe ndi mau a ntchito yake. Msodzi adziwe lake, nyanja, beach, gombe, canoe, bwato, paddle, nkhafi, hook, mbedza, wind, mphepo, deep, pakuya, fresh, yaiwisi, dried, youma. Mlimi adziwe seed, mbeu, rain, mvula, harvest, kukolola, bag, thumba, price, mtengo. Ndipo pali mau ena amene mlendo ayenera kuphunzira kwa inu. Chambo, usipa, utaka, kampango ndi mpasa amatchedwa ndi maina omwewa ngakhale m'mabuku a Chingerezi. Tinsomba tokongola ta m'miyala, timene tinachititsa kuti malo a ku Cape Maclear atetezedwe mu 1980 pa dzina lakuti Lake Malawi National Park, akatswiri a dziko lonse amatitcha mbuna. Mlendo akafuna kudziwa za mwera, afunsa inu.

KUPHUNZIRA KWAKE

Gulani kope limodzi, ndipo tsiku lililonse mulembemo mau asanu, osapitirira. Liu lililonse mulilembe m'chiganizo chonena za moyo wanu, pakuti liu lokhala lokha limaiwalika msanga. Mau asanu pa tsiku ndi mau 150 pa mwezi. Musaphunzire nokha: pezani anzanu atatu kapena anai, mukomane kawiri pa sabata, ndipo mupatsane moni ndi kufunsana mafunso mokweza mau. Mverani nkhani za pa wailesi ya MBC m'Chichewa kapena m'Chiyao, kenaka mumverenso za m'Chingerezi. Popeza nkhaniyo mwaidziwa kale, mau ake adzayamba kumveka. Werengani zikwangwani za pa mseu ndi zolembedwa pa matumba a feteleza. Amene sadziwa konse kuwerenga ayambe ku sukulu ya kwacha, pakuti munthu amene awerenga chinenero chake savutika kwambiri kuwerenga china. Ndipo musachite manyazi kufunsa mwana wanu wa sukulu. Iyenso amaphunzira pamene ali kukuphunzitsani.

Kwa inu aphunzitsi tinena mau awa. Ana ambiri a m'boma lino amalankhula Chiyao kunyumba, amakomana ndi Chichewa ku sukulu, ndipo Chingerezi ndi chinenero chao chachitatu. Mwana wotere akachedwa kuyankha si wopusa ai; wasenza akatundu atatu. Musamseke kapena kumlanga chifukwa cholakwitsa, pakuti mwana amene wasekedwa kamodzi amatseka pakamwa chaka chonse, ndipo ndi yemweyo amene adzakula n'kumati "Yes, yes" pa zimene sanamve. Mphunzitseni kunena kuti "I do not understand," ndipo akatero mumuyamikire. Fanizirani ndi chinenero chake, monga tachitira ndi "ndidzakuona," kuti aone kuti chachilendocho chili ndi mutu ndi mchira monga chake.

Kwa inu makolo a m'mbali mwa nyanja, chenjerani ndi ana amene amathawa sukulu n'kumatsata alendo pa gombe. Mwana akamalankhula ndi Azungu mosaopa, makolo amayesa kuti wadziwa Chingerezi. Koma Chingerezi cha pa gombe sichilemba mayeso kapena kalata yofunsira ntchito, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwana amene aphunzira kuti "Give me money" waphunzira kupempha. Amene akhala m'kalasi ndiye adzakhala wotsogolera alendo, kalaliki, mphunzitsi kapena nesi.

Ntchito ya mwezi uno ndi iyi: lowezani mitundu isanu ija ya moni ndi ziganizo zisanu zopulumutsa, ndipo muyese kuyankha mafunso atatu awa ndi chiganizo chathunthu: "Didn't you go to the market?" "Don't you have a net?" "Isn't this your canoe?" Mayankho anu muwaonetse kwa mphunzitsi wa pa sukulu imene ili pafupi nanu. Mwezi wamawa tidzaona za masiku a sabata, za nthawi ya pa wotchi, ndi kalembedwe ka mafomu. Mukatha kuwerenga nyuzi ino musaipindire m'thumba. Iwerengereni anzanu amene sadziwa kuwerenga, ndipo muipereke kwa wina.